Fidi Yomwe Nkhuku Sizidya

Kuno kumtunda, kuseri kwa Kabwazi
Lachitatu, 13 Novembala

Wokondedwa mwana wanga Gervazio,

Choyamba ndifunse za moyo wako kumeneko ku Joni. Uli bwanji? Chifuwa chija chinkakuvuta nyengo yozizira chidaleka? Ukudya mokwanira? Za kudyazi ndafunsa chifukwa amayi ako andiimirira kumbuyo, akuti ndikapanda kulemba funso limeneli kalatayi aing'amba.

Ife kuno tilipo. Amayi ako a Magadalena ali bwino, kupatula msana ndi mwamuna wawo, matenda awiri omwe akhala nawo zaka makumi anayi ndi zisanu. Ine mawondo akulira ngati chitseko cha tchalitchi, koma pakamwa pokha mpabwinobwino, tsoka kwa anthu a m'mudzi muno.

Kalatayi ndapatsira Kenan, mwana wa a Macdonald, uja amayendetsa thiraki yopita kumeneko. Akuti adakuonapo pamalo ena otsukira magalimoto ndipo akhoza kukupeza. Nambala yako ndikaimba amayankha mzimayi wolankhula Chingerezi, mawu ake omwewomwewo tsiku lililonse. Ndamufunsira banja kawiri, sanandiyankhe.

Mizere tamaliza, mbewu ili m'nyumba. Mitambo yayamba kuunjikana pamwamba pa phiri masana aliwonse, yakuda bii. Zaka zonse ndikaiona ndimavina. Chaka chino ndikumaiyang'ana ngati mmene umayang'anira galu wachilendo amene sakuuwa.

Amayi ako atuluka tsopano, ndiye ndikhoza kulemba zomwe ndakhalira pansi.

Msuweni wanga Ezara tinamuika m'manda Lachiwiri la sabata yatha. Inde, Ezara yemwe uja ankakunyamula pa njinga kupita nawe ku Linthipe, yemwe tinkanyozana naye kuyambira tili osavala. Ndilemba pang'onopang'ono kuti umve mmene zinayendera, chifukwa pa imfa imeneyi pali chala changa.

Ukukumbuka chaka chija udabwera ndi anzako a kusukulu ya ntchito zamanja kudzatipatsa madzi a m'mipopi? Mudakweza thanki pamwamba pa chulu, mudaika sola ndi pampu, ndipo m'kanyumba ka pansi pa thanki udakhomeramo kabokosi kotuwa kokhala ndi kompyuta m'kati, kothira kolorini m'madzi kokha popanda dzanja la munthu. Komiti ya madzi idandisankha kukhala woyang'anira. A Macdonald, apampando, adati pamafunika mkamwini wopanda chochita, ndipo onse adatembenukira kwa ine nthawi imodzi.

Usananyamuke udandisiyira malamulo awiri. Loyamba linali la kanyale ka pabokosi: kakamawala mobiriwira, mankhwala akulowa m'madzi. Lachiwiri linali la foni yakale ija udandipatsa, yong'aluka pakona. Udandionetsa kachizindikiro kamtundu wa lalanje lakupsa, kokhala ndi kadontho koyera ndi timizere tiwiri tokhota. Udati anthu omwe adapanga pulogalamu ya m'bokosimo ali kutsidya kwa nyanja, ndipo akapeza cholakwika amalengeza kudzera pamenepo. Udati Lolemba lililonse ndizikayang'ana. Kakalankhula ndikuimbire, kakakhala chete ndiye kuti zonse zili bwino.

Kachizindikiroko ndidakapatsa dzina la a Lalanje, mwaulemu wake, popeza anali bwana wanga. Dzina lake lenileni mwina udalitchula, koma ine ndinali kalikiliki kuseketsa anzako aja.

Chaka choyamba a Lalanje adalankhula katatu. Katatu konseko ndidakuimbira, iwe nkukonza bokosilo uli komweko. Mawu achinsinsi otsegulira bokosilo sudandiuze. Udati ndikawadziwa ndikawalengeza pa maliro oyamba omwe ndingapezeke. Sudaname.

Kenako idafika Khirisimasi ija. Ndibwereranso pamenepo, sindinaiwale.

M'mwezi wa Malichi chaka chatha, Lolemba lina, ndinali pa Chimbiya ndi Ezara tikugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Malonda anali ozizira, ndiye ndidati ndione ngati bwana wanga ali ndi mawu. Ndidapeza ali nawo, mizere isanu ya Chingerezi. Paja Chingerezi changa chidathera Sitandade 5, pomwe aphunzitsi adandipeza nditaika nanzikambe m'thumba la jekete lawo. Ndidawerenga ndi chala, ndipo pa mawu onsewo ndidagwirapo awiri. Amodzi anali akuti chinachake chisiya. Enawo anali akuti fidi.

Fidi ndimaidziwa. Ndaisenzapo pamutu kuchokera kusitolo. Yalembedwa pathumba lililonse la chakudya cha nkhuku.

Ndidaimirira pa thumba la kachewere nkulengeza kuti anthuni tamvani, kompyuta ya Gervazio yayamba kudandaula za fidi, ikuti ikapanda kupatsidwa isiya ntchito. Mayi wina wa kabichi adafunsa ngati ikufuna ya anapiye kapena ya zoikira. Ezara amvekere msuweni, usawononge zambiri, ingoiwazira madeya, mwina pofika Pasaka ikhala itaikira mazira a mafoni ang'onoang'ono. Kondakitala wa minibasi adatsika kudzamva chomwe chikuseketsa anthu, minibasi nkumusiya. Ezara adaseka mpaka kugwira mtengo.

Anthu atatha kuseka ndidaupukuta uthengawo ndi chala, nkubweza foni m'thumba.

Mwana wanga, nthawi imeneyo nambala yako inali ikugwirabe. Ndikadatha kuimba. Sindidaimbe chifukwa panali patangopita miyezi itatu chichitikire za Khirisimasi zija, ndipo ndinkadikira kuti iwe uyambe. Ndidadziuza kuti ikadakhala nkhani yaikulu a Lalanje akadabwereza.

Sadabwereze. Kuyambira tsiku limenelo adakhala chete, miyezi makumi awiri. Lolemba lililonse ndinkawayang'ana, osaphonya ngakhale limodzi, ndipo pamsonkhano uliwonse wa komiti ndinkapereka lipoti lomwelo, lakuti nyale ndi yobiriwira, a Lalanje ali phee, zonse zili bwino. Anthu adafika poloweza, ankandithandiza kumaliza ngati pemphero.

Cha mu Juni chaka chino ndinaona chinthu china. Chidebe chomwe bokosi limakokamo kolorini, chomwe chinkatha pamwezi, chinayamba kukhalitsa. Mwezi unatha chili pafupifupi chodzaza. Wachiwiri, chimodzimodzi. Ndinayang'ana nyale, yobiriwira. Ndinayang'ana foni, zii. Ndiye ndinati basi, bokosi lakula, laphunzira kusamala zinthu.

Azimayi anayamba kundiyamikira pa mpopi. Ankati a Zikhalo, mwatani madziwa, fungo la kuchipatala lija latha, tiyi akukoma ngati kale. Ine mmalo mochita mantha ndinatukula chifuwa. Ndinawauza kuti ndimawaimbira nyimbo madziwo m'mawa uliwonse, ndipo amene akufuna okoma kuposa pamenepa abweretse nkhuku yoyera. A Dziwani, akazi a Ezara, anandibweretseradi mazira awiri mongocheza. Ndinawadya.

Mu Okutobala ana awiri a kumunsi kwa mudzi anatsegula m'mimba. Tinati ndi mango osapsa. Anachira. Kenako akazi a a Macdonald anagona masiku atatu kuchipatala. Tinati ndi nyama ya pa ukwati. Anachiranso. Nthawi yonseyo kanyale kali ngwee, kobiriwira.

Ezara anayamba Loweruka m'mawa. Nditapita kukamuona masana ndinamupeza atagona pamkeka kuseri kwa nyumba, maso atalowa m'kati, khungu la zala litakwinyika ngati la munthu amene wachapa tsiku lonse. Atandiona amvekere msuweni, ndikutsuka m'mimba msanga kuti Khirisimasi indipeze ndili ndi malo. Ine ndinati watsuka mokwanira, siyira ena madzi. Anafuna kuseka koma mawu anali atatha, kunangotuluka mpweya.

Ankalira ludzu. Ndinathamangira kunyumba nkutenga botolo langa lija la malita awiri, ndinalidzaza pa mpopi, nkumugwirira pakamwa ndekha. Ndinamuuza kuti imwa usaope, awa ndi madzi a injiniya, ali ndi mankhwala kale. Anamwa theka lonse.

Tinamutengera kuchipatala Lamulungu pa ngolo. Anamuika madiripi, anayesetsa, koma akuti tinachedwa. Lolemba dzuwa lisanafike pamutu anali atapita.

Dzina la matendawo sindilemba, ukulidziwa. Thupi analikulunga okha a zaumoyo, sanalole kulisambitsa kapena kuona nkhope. Pa maliro anatiletsa kuphika ndi kupatsana moni wa m'manja. Anthu anangoima patalipatali ngati mitengo ya mpanda, nkubalalika dzuwa likadali pamwamba. Ine amene maliro onse a m'dera lino ndimaseketsa adzukulu pokumba manda, tsiku limenelo pakamwa panali gwa.

Lachinayi kunabwera mtsikana pa njinga yamoto, dzina lake Patience, wotumidwa kuchokera ku boma kudzayeza madzi. Wamsinkhu wako, wamagalasi, wosachedwa ndi moni. Ndinamulandira ndi lipoti langa lija, nyale yobiriwira ndi zina zonse. Anati chabwino agogo, koma tiyeni tifunse madziwo eni ake.

Anatunga madzi a pa mpopi m'kabotolo kakang'ono ngati chala, nkuponyamo kapiritsi. Anati mukakhala kolorini madziwo asanduka ofiirira ngati onyikamo nyemba. Tinadikira. Anagwedeza. Anakweza kabotoloko kudzuwa. Madzi ali mbee. Anapita pa mpopi wachiwiri, wachitatu, mpaka pa thanki penipeni. Ponseponse mbee.

Tinalowa m'kanyumba. Anatsegula kapaipi kochokera ku chidebe, nkupeza kuti kauma, m'kati muli fumbi loyera lokhalokha. Anayang'ana kanyale kaja nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti pulogalamu ya m'bokosimo inakonzedwa liti komaliza. Ndinati musadandaule mayi, tili ndi mlonda, nkutulutsa foni kumuonetsa a Lalanje.

Poyamba anaseka. Anati kachizindikiro aka adakaonapo komaliza ali kusukulu, ndipo ngakhale nthawi imeneyo aphunzitsi ankakatchula ngati chinthu chomwe chikupita kotha. Anati kale nyumba zambiri za nkhani ndi opanga mapulogalamu ankalengezera pamenepo, koma masiku ano anthu adathamangira ku maimelo ndi timagulu ta pa foni, ndiye ambiri akutseka njira imeneyi mmodzimmodzi. Ndinafunsa kuti kodi kali ndi dzina. Anati eya agogo, imeneyi amaitcha fidi.

Gervazio, ndinakhala pa chidebe cha kolorini.

Anafufuza pa foni yake nkupeza tsamba la anthu opanga pulogalamu aja. Uthenga womwe ndidaupukuta pa Chimbiya ulipobe, ndipo anandimasulira mzere ndi mzere. Unkati popeza owerenga fidi atsala ochepa, aitseka kumapeto kwa mweziwo, ndipo aliyense wofuna kumamva za zolakwika ndi zokonza alembetse imelo yake. A Lalanje anali kutsanzika. Mlonda wanga adabwera kudzandiuza kuti akusiya ntchito, ine nkumuwazira madeya.

Patience anatsitsa tsambalo mmunsi, ndipo kuseka kunatheratu. Mu Febuluwale chaka chino anthu aja adalengeza kuti apeza cholakwika choopsa. Kapampu kothira mankhwala kakatsekeka, pulogalamu yakale sizindikira, imangosiya nyale yobiriwira. Adapempha aliyense kuti aike pulogalamu yatsopano mwamsanga. Adabwereza katatu. Onse olembetsa imelo adamva. Ife tinali tikuyang'ana pakhomo lomwe eni ake adasamukapo kalekale.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji foniyo sinanene kuti njira yatsekedwa. Anati singadziwe. Iyo imangopita kukafunsa ngati kuli chatsopano, ikapeza palibe imabwerera nkukhala chete. Kwa iyo, kopanda vuto ndi kopanda munthu nchimodzimodzi.

Ndakhala ndikuganiza za belu la ku parishi, lomwe limatiuza kuti kwagwa maliro. Wina atadula chingwe chake osauza munthu, tingakhale chaka chathunthu tikuyamika kuti masiku ano anthu adasiya kufa.

Tsopano imva pomwe pali iwe. Patience akuti pulogalamu yatsopanoyo ali nayo ndipo kuiika ndi ntchito ya mphindi khumi, koma bokosi likufuna mawu achinsinsi aja. Akalifufuta lonse kuti ayambirenso, pampu nayo iima, chifukwa zonse zomwe udaiphunzitsa zili momwemo. Bokosi lina akhoza kulipeza, koma osati chaka chino. Kapaipi anakatsuka, koma akuti sangakakhulupirire pomwe nyale ikunama, ndiye wakachotsa. Anandiuza kuti bokosilo limalola kuyesa mawu kasanu kokha, kenako limadzitseka lokha osatsegukanso. Anandiyang'ana m'maso nkunena kuti agogo, musaligwire.

Umandidziwa. Njinga yake isanafike nkumsewu komwe ndinali nditaligwira.

Ndinalemba Magadalena, linakana. Ndinalemba Pilato, galu wako uja adadya nsapato ya akatekisiti, linakana. Ndinalemba Ndapeza, mtsikana uja unkanamizira kukabwereka buku kwawo, linakananso, ndipo pepani, panopa ali ndi ana atatu. Kachinayi ndinalemba Zikhalo. Ndinachedwa kudina ngati ndikufunsira. Linakana msanga kuposa maulendo ena onse.

Kwatsala kamodzi. Kiyi wa kanyumbako ndapereka kwa amayi ako, amumangirira pa kolona yawo. Amanditsegulira okha nkuima pakhomo mpaka nditatuluka.

Pakadali pano mankhwala ndikuthira pamanja. M'mawa uliwonse ndimakwera makwerero a thanki, ine wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, ndowa ili pamkono, amayi ako ali pansi akutchula oyera mtima onse motsatana. Patience anandisiyira muyezo ndi timapiritsi toyezera makumi atatu, kamodzi m'mawa kamodzi madzulo. Tatsala khumi ndi tisanu ndi titatu, masiku asanu ndi anayi. Akuti ayesetsa kubweretsa tina, koma midzi yomwe akuyendera ndi yambiri ndipo yonse ikulira. Tikatha ndidzakhala ndikuthira mongoganizira. Dzanja langa si bokosi lako. Lachisanu ndinachepetsa, Loweruka ndinapyoza, madzi ananunkha mpaka mbuzi zinakana.

Vuto lalikulu lili pamenepo. Anthu adazolowera madzi okoma aja. Fungo litabwerera, azimayi ambiri atembenukira ku zitsime za kudambo. Ukudziwa chomwe chili kumtunda kwa dambo limenelo, zimbudzi za mudzi wonse zili pamzere. Panopa nthaka ndi youma, ikusunga zake. Mvula yoyamba ikagwa zonsezo zitsikira komweko.

Lamulungu Misa itatha ndinapempha kuti ndilankhule. Nditangoimirira, anthu anayamba kumwetulira. Ndinati abale, nkhani yanga ndi ya madzi, ndipo inayambira pa fidi. Basi. Tchalitchi chonse chinagwa nako kuseka. Nkhani ya pa Chimbiya ija idafika kutali, aliyense amaidziwa. Wina kumbuyo analira ngati tambala. Ndinakweza mawu kuti sindikuseka, nkumvanso kuti ayi ndithu, akatero ndiye kuti yafika pokoma. Ngakhale akatekisiti anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Potuluka bambo wina anandigwira paphewa amvekere achimwene, mwatipha, koma mankhwala mwatsanulira dala m'thankiwo muchepetse, nthabwala ina imapweteka.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula anthu akachedwa kuseka. Tsiku limenelo ndikadapereka mbuzi zanga zonse kuti mmodzi yekha akwiye.

Amayi ako ndiwo akuyenda khomo ndi khomo tsopano, pamodzi ndi a Macdonald. Iwo anthu amawamvera, chifukwa sadasekepo chikwatiwire. Mabanja ena abwerera ku mpopi, ena akuwiritsa madzi. Koma m'mawa uno ndili pamwamba pa thanki ndinawerenga ndowa khumi ndi zinayi zikutsikira kudambo.

Lolemba ndinapita kwa a Dziwani. Ndinakhala pansi pakhonde, chipewa m'manja, nkuwauza zonse, za uthenga, za chidebe chosatha, za mazira awo awiri. Ndinkayembekezera kuti akuwa kapena andiponyera chikuni, ndipo ndikadalandira. Anangomvetsera mpaka kumapeto. Kenako analowa m'nyumba, nkutuluka ndi botolo langa lija, madzi otsala theka akadali momwemo. Anandiikira patsogolo nkunena kuti alamu, mudaiwala botolo lanu.

Lili pawindo pano. Sindikudziwa kuti ndikawataye kuti madzi amenewa.

Patience akuti sitinganene motsimikiza kuti Ezara matendawo adawatenga pa mpopi, mwina adawatenga kumsika. Ndi mwana wabwino, amafuna kundipeputsira katundu. Koma ine ndikudziwa chomwe bokosi lija lidaikidwira, ndipo ndikudziwa yemwe adapatsidwa foni.

Tsopano za Khirisimasi. Udaimba masana, pakhomo pali anthu ambiri, ndipo ine ndidakweza mawu a foni kuti onse akumve. Udandiuza motsitsa mawu kuti ntchito ya zamagetsi ija idatha ndipo ukugwirizira potsuka magalimoto. Unkauza bambo ako, sunkauza mudzi. Ine ndidatembenukira kwa anthu nkunena kuti imbani m'manja, injiniya wathu wakwezedwa, tsopano akusambitsa magalimoto a mabwana okhaokha, posachedwa ayamba kusambitsa mabwanawo. Anthu adaseka. Foni idaduka. Amayi ako ndidawauza kuti ndi netiweki.

Pafupifupi zaka ziwiri zatha. Amayi ako akafunsa ndimati mwanayo ali bwino, kukadakhala vuto tikadamva. Ndi lipoti lomwe lija ndinkapereka ku komiti. Lachinayi lija, nditakhala pa chidebe, ndi pomwe ndinazindikira kuti za iwenso sindikudziwa kanthu. Mwina ukudwala. Mwina adakugwira a mapepala. Mwina Kenan adaona munthu wina wofanana nawe. Ndakhala ndikuyang'ana foni yachete nkumati ndi mtendere.

Ndidalakwa, mwana wanga. Ntchito yotsuka magalimoto si yochititsa manyazi. Yochititsa manyazi ndi ya munthu amene adapatsidwa chinthu chimodzi chokha choyang'anira, nkuchisandutsa sewero la pamsika. Ndayang'ana mzere umenewu kuti ndiikepo kanthabwala, ndalephera, ndiye ukhale choncho.

Pempho langa ndi ili. Kenan akuti afika kumeneko pakatha masiku anayi, malire akapanda kuvuta. Nambala ya Patience ndailemba kuseri kwa pepalali. Ukangowerenga, mutumizire mawu achinsinsiwo. Sukusowa kulankhula nane. Ngati foni ulibe, bwereka ya Kenan. Ngati udawaiwala, nenanso, kuti tileke kudikira, tione kolowera.

Ndaganiziranso kuti mwina udawasintha pambuyo pa Khirisimasi ija uli ndi mkwiyo, ndipo ukuchita manyazi kuwatchula. Usachite. Ngakhale atakhala akuti Zikhalo ndi chitsiru, tumiza. Ndidzawalemba ndekha ndi chala chomwechi, pamaso pa komiti yonse, ndipo bokosi likadzavomera ndidzati laona bwino.

Pempho lachiwiri ndi laling'ono, ndipo ndi la amayi ako kuposa ine. Lolemba lililonse uzitumiza kanthu ku foni yong'aluka ija, ngakhale kopanda nkhani, ngakhale kadontho kamodzi. Tizingodziwa kuti kumapeto kwa njirayo kukadali munthu.

Kunja kwagunda kawiri chiyambire tsamba lino, ndipo mphepo yayamba kununkha dothi. Amayi ako akuanula zovala. Kenan waliza hutala kumsewu, ndiye ndilekere pano.

Ukamuona Collins, mwana wa azakhali ako, umupatse moni, umuuze kuti ngakhale iye akhoza kulemba, zala sizithyoka. A Macdonald akupereka moni. Amayi ako akuti uzivala juzi ndipo amakutchula pa kolona tsiku lililonse, pa mkanda woyandikana ndi kiyi.

Mulungu akusunge, akutchinjirize m'misewu ya eni ake, ndipo kalatayi ikupeze uli moyo.

Ndine bambo ako,
Zikhalo

Ndadutsira kukanyumba kuja popita kwa Kenan, ndasuzumira pazenera. Kapaipi kali pansi, kosalumikizidwa ku chilichonse. Nyale ikuwalabe mobiriwira.